Dzanja la Kunsi kwa Boneti

Gulu: Galaja ya Adadi
Alimo: Sipanala, Kontena, Wamagetsi

LOLEMBA

07:48 Kontena: yatsika!! yatsika pa lole pompano 🔥🔥

07:48 Kontena: (zithunzi 4: pikapu yoyera ya makomo anayi, yonyezimira mbali zonse)

07:49 Kontena: 4x4 double cab, dizilo, low mileage. sisi lero muvomere kt mlongo wanu amadziwa kuoda galimoto kunja

07:55 Sipanala: ndili mu wodi ndikupukuta adadi. penti ndamuona, koma penti satulutsa galimoto m'matope. tsegula makomo

07:56 Kontena: madala adzuka bwnj

07:58 Sipanala: chimodzimodzi. mbali yakumanja sikugwira, mawu sakutuluka. koma mutu uli bwinobwino, akumva chilichonse. tsegula makomo ndati

08:03 Wamagetsi: tatsegula mayi

08:03 Wamagetsi: tatsekanso

08:04 Sipanala: bwanji amunanga

08:04 Wamagetsi: fungo

08:05 Kontena: alamu musakokomeze aaa. ndi fungo la mu sitima. miyezi iwiri pa nyanja mawindo otseka, nanunso mungatuluke mukununkha kkkk

08:06 Wamagetsi: ngati mopu wonyowa woiwalika mu ndowa mwezi wathunthu. ndalavula kawiri

08:07 Sipanala: amunanga kokani lamba wa mpando wakumbuyo mpaka kumapeto. mujambule. kenako mukweze kapeti

08:16 Wamagetsi: (chithunzi: lamba wokokedwa, chapakati pali mzere wa matope ouma ndi nkhungu yobiriwira)

08:21 Wamagetsi: (chithunzi: pansi pa kapeti, matope akuda onyowabe)

08:29 Wamagetsi: ndamasula chikuto cha mkati mwa chitseko. mchenga manja awiri ndi kankhanu kakufa

08:29 Wamagetsi: kamanunkha ndi kameneka

08:30 Kontena: eeh

08:34 Sipanala: (uthenga wa mawu 0:58) Iwe Kontena iwe! Galimoto imeneyo inamira. Inamira mpaka m'mipando, anzako a pa intanetiwo n'kuitsuka kunja, kuipaka polishi, kukutumizira zithunzi, iwe n'kuwomba m'manja. Ndinakuuza kuti funsa chithunzi cha pansi pa kapeti, unati sisi mumachedwetsa bizinesi. Lero watiodera dziwe la matayala anayi, la nkhanu zake zomwe. Zonyansa! Ndipo usaiwale kuti yaodedwera ndani. Adokotala a ziweto anayamba kubwera pa galaja pathu ine ndisanadziwe n'komwe kugwira sipanala. Ntchito yawo ndi kuwoloka mtsinje kukabaya ng'ombe kutsidya. Ndiye munthu ameneyo umupatse galimoto yozolowera kumira?

08:37 Kontena: sisi chill. tamverani injini kaye

08:37 Kontena: (uthenga wa mawu 0:11, injini ikulira)

08:38 Kontena: smooth ngati mwana wagona

08:44 Wamagetsi: pa injini alamu akunena zoona mayi. oyilo ndi wabwino, sanasanduke ngati mkaka. madzi sanalowe mkati

08:45 Wamagetsi: koma bokosi la fyuluta ya mpweya ndi losweka kunsi. chala chikulowa

08:59 Sipanala: chabwino. tamverani nonse. kapeti ndi siponji yake mutaye, musachape, mutaye. mapulagi onse a mawaya amasulidwe, atsukidwe, amenewo ndi anu amunanga. oyilo wa mu giyabokosi ndi m'madifu onse awiri, magiya a pakati pa matayala aja, atuluke. bokosi losweka lija muode latsopano, sinokelo, paipi yopumira injini powoloka madzi ija, isamangidwe pa chinthu chobooka

09:00 Sipanala: ndipo iwe uwaimbire adokotala uwauze zoona, kuti inamira. asankhe okha

09:02 Kontena: ndiwauza

09:02 Sipanala: lero

09:20 Sipanala: Kontena

09:41 Kontena: 👍

LACHITATU

13:10 Kontena: (zithunzi 6: pikapu yakwezedwa, matayala akuluakulu a mano, bulubala yakuda yotchinga kutsogolo, magetsi asanu ndi limodzi padenga, mawindo akuda bii, sinokelo yokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo)

13:10 Kontena: BEAST 😎 anthu akuima pa msewu kujambula

13:24 Sipanala: magetsi onsewo padenga, adokotala akukabaya ng'ombe kapena akukatsegula disiko

13:25 Sipanala: tinti wakuda choncho anapempha ndani. munthu wa zaka zopitirira 60 wovala magalasi

13:26 Kontena: ndi bonus. kasitomala amakonda surprise

13:27 Sipanala: surprise unawapatsa kale ya nkhanu

13:31 Wamagetsi: masipuling'i ndi mashoku tamanga bwino mayi, ndaonetsetsa ndekha. kapeti ndataya. mapulagi ndatsuka onse. timapaipi topumira madifu ndakweza mpaka pansi pa boneti

13:32 Sipanala: zikomo amunanga. fungo?

13:33 Wamagetsi: alamu apopera perefyumu mabotolo atatu

13:33 Wamagetsi: pano mukununkha nkhanu yopita ku ukwati

13:34 Kontena: kkkkk alamu ndinu a fiti

13:36 Sipanala: sindikuseka. bokosi latsopano lafika?

13:52 Sipanala: ndafunsa za bokosi

14:03 Kontena: ndaoda koma lifika pakatha 3 weeks. adokotala akufuna galimoto mkuja, anyamuke loweruka m'mawa. katemera wafika kale ali mu fuliji, mvula yayamba kumtunda, akuti akachedwa sabata imodzi mtsinje sudzawolokeka mpaka chaka cha mawa. yawo yakale ija mukudziwa inatha

14:04 Kontena: ndiye lakale lija ndamata. silikoni plus guluu wa strong. solid

14:06 Sipanala: guluu pa pulasitiki wakuti wagona m'matope. mxiii

14:07 Sipanala: chabwino sindikangana nawe. dzanja ndi limene linene

14:08 Kontena: za dzanjazo ndi zachikale sisi. masiku ano anthu amaona spec

14:15 Sipanala: (uthenga wa mawu 1:31) Zachikale eti? Tamvera bwino, poti adadi akamaphunzitsa iwe unkazemba kukaonera mpira. Sinokelo si ndolo yokongoletsera galimoto ayi. Ndi mphuno. Galimoto ikalowa m'madzi, injini imayenera kupumira pamwamba paja pokhapokha. Ndiye lamulo la adadi ndi ili: liza injini, tseka kukamwa kwa sinokelo ndi chikhatho, thina. Ngati palibe pobooka paliponse, injini isowa mpweya, izima yokha pansi pa dzanja lako. Ikapitiriza kulira, ndiye kuti ikuba mpweya penapake kunsi, ndipo polowa mpweyapo m'pamene padzalowe madzi. Ikazima, ndi pokhapo pamene umaviika dzanja lomwelo mu oyilo wakuda n'kudinda kunsi kwa boneti. Zaka makumi atatu, galimoto yokhala ndi dzanja limenelo sinaferepo mu mtsinje ngakhale imodzi. Anthu amabwera kuchokera kutali chifukwa cha dzanjalo, osati chifukwa cha magetsi ako a disikowo. Ineyo pano sindingachoke, adadi sakumeza bwino, pafunika munthu pa bedi. Ndiye muyese inuyo, mundijambulire vidiyo. Ikapanda kuzima, pa geti situluka. Adokotala akwiye, adikire, koma situluka.

14:18 Kontena: noted madam inspector

14:19 Sipanala: unawauza kuti inamira?

14:26 Kontena: ndinawauza kt inanyowapo pang'ono pa ulendo

14:26 Sipanala: inanyowapo pang'ono

14:27 Sipanala: nkhanu inalowa kudzabisala mvula eti

14:27 Sipanala: nthawi zina ndimadabwa kuti tinayamwa bere limodzi

14:40 Wamagetsi: madzulo ndibweretsa zovala zoyera za apongozi ndi chaja ya foni yanu mayi

14:41 Sipanala: musaiwale sopo

LACHISANU

10:02 Kontena: (vidiyo 0:19: Kontena akudzijambula yekha, foni ku dzanja limodzi, waima pambali pa pikapu. Injini ikulira, wailesi ikuimba mkati, windo lakuda latsitsidwa pang'ono chabe. Atseka kukamwa kwa sinokelo ndi dzanja linalo, atsokomola, aseka. Zonse zii.)

10:02 Kontena: yazima. mwaona? guluu wa zachikale kkkk

10:09 Sipanala: eeeh

10:09 Sipanala: yazimadi

10:17 Sipanala: ndawaonetsa adadi. amwetulira mbali imodzi ija, akweza dzanja lamanzere m'mwamba chonchi ✋ koyamba chigonereni muno. anesi mpaka anabwera kudzaona. ndalira ine

10:18 Sipanala: Kontena mlongo wanga, ndinakunyoza kwambiri sabata ino. pepa. wagwira ntchito

10:19 Kontena: no stress sisi. ndidinde?

10:19 Sipanala: dinda. lako loyamba limenelo

10:31 Kontena: (chithunzi: dzanja lakuda la oyilo kunsi kwa boneti yoyera, kachala kakang'ono kopindika)

10:32 Sipanala: ndi kachala kako kopindika kaja kaoneka kkkk. kamene unathyola pa njinga ya adadi

10:33 Kontena: signature 😎

10:40 Sipanala: amunanga mwangoti chete bwanji, simukondwera nafe

11:05 Wamagetsi: ndatopa chabe mayi

15:47 Kontena: adokotala atenga galimoto. sanayang'ane ngakhale matayala. angotsegula boneti, aona dzanja, atseka, agwedeza mutu mokhutira. akuti moni kwa madala adzabwera kudzawaona akabwerako

15:48 Kontena: tinti sanamukonde kkk. anyamuka mawa 7 koloko, ku mtsinje akuti akafika cha m'ma 10

15:55 Sipanala: ayende bwino. lero ndigona tulo

LOWERUKA

08:34 Sipanala: adadi akungofuna vidiyo ija. kachinayi tsopano kkkk

08:46 Sipanala: koma sakumwetuliranso. akugogoda foni ndi chala, akuloza khutu lawo

08:47 Sipanala: akufuna ndikweze voliyumu

08:53 Sipanala: Kontena

08:53 Sipanala: KONTENA

08:54 Sipanala: wailesi

08:55 Kontena: wailesi yatani, ndili busy

08:57 Sipanala: injini ikazima chifukwa chosowa mpweya wailesi imaimbabe. batire silikhudzidwa. mu vidiyo yako nyimbo yaduka nthawi imodzi ndi injini. pakati pa liwu. zonse zii

08:57 Sipanala: sinazime ndi dzanja lako. wina anazimitsa ndi kiyi

08:58 Sipanala: munthu wa sitiroko wosatha kulankhula wagwira bodza lako ali pa bedi. ine chitsiru ndinkalira ndi chisangalalo

08:59 Sipanala: manja ako onse awiri ndikuwadziwa pamene anali. limodzi pa foni, lina pa sinokelo. ndiye kuseri kwa tinti kuja kunali ndani

09:00 (Sipanala waimbira Kontena. Sanayankhe.)

09:01 (Sipanala waimbira Wamagetsi. Sanayankhe.)

09:06 Sipanala: adokotala ndawaimbira kasanu. sikulowa. akangosiya tala netiweki kulibe, tonse tikudziwa

09:08 Kontena: sisi musapange drama. mtsinje uja nthawi ino ndi wa m'mawondo. galimoto takweza, madzi safika pa bokosi

09:08 Sipanala: unanena wekha kuti mvula yayamba kumtunda

09:09 Sipanala: ndafunsa kuti mkati munali ndani

09:14 Sipanala: amunanga. ndikuona kuti mwawerenga

09:19 Sipanala: pa galaja paja mumagwira anthu awiri okha. ndikufuna ndimve pakamwa panu

09:24 Wamagetsi: (uthenga wa mawu 1:12) Mayi... ndi ine. Tinayesa Lachinayi katatu, sinazime. Mpweya unkamveka kuti fyooo kunsi kwa bokosi, guluu sanagwire. Ndinawauza alamu kuti tikuuzeni. Iwo anati adokotala akabwerera opanda galimoto apita kwina osadzabweranso, ndiponso inu muli ndi zambiri kale kuchipatalako, tisakuwonjezereni nkhawa. Anati bokosi likafika tidzawaitana ngati ku sevisi n'kusintha mwakachetechete, palibe adzadziwe. Ndiye ndinakhala pa mpando, tinagwirizana kuti akatsokomola ndizimitse. Ndikanapotoza kiyi kamodzi kokha wailesi ikanaimbabe, koma ndi mantha ndinapotoza mpaka kumapeto. Usiku sindinagone mayi. Pepani.

09:26 Sipanala: ndiye chimene chikukupwetekani n'chakuti munanama mosalongosoka

09:26 Sipanala: mukanapotoza kamodzi bwenzi pano muli phee mukumwa tiyi

09:27 Wamagetsi: si choncho mayi

09:28 Sipanala: dzulo madzulo munabwera muno. munawagwira adadi dzanja lomwelo limene anakweza m'mwamba lija, munawafunsa kuti apongozi mwaswera bwanji. munakhala pa mpando wanga, munadya nane mbale imodzi

09:29 Sipanala: Kontena ndimamudziwa, anabadwa wokonda zonyezimira. koma inu adadi anakutengani mulibe ngakhale tesita yoyezera magetsi, anakuphunzitsani, anakupatsani kiyi wa galaja, anakupatsani ine

09:30 Sipanala: zimenezo tikamba. pano tengani galimoto yokokera ya wintchi ija, zingwe zonse, muthamange. mukawapeza asanawoloke muwagwadire. nonse awiri

09:31 Wamagetsi: ndanyamuka

09:33 Kontena: ineyo sindingathe, ndili ku boda ndi ma papers a galimoto ina. clearing ikutseka 12

09:34 Sipanala: dzanja lili kunsi kwa boneti ija ndi la ndani

09:34 Sipanala: ndi la ndani Kontena

09:50 Kontena: alamu apita kale, awiri tikatani

10:12 Sipanala: 10 yadutsa

10:40 Sipanala: adadi akukana phala. akungoyang'ana foni yanga ikalira

11:15 Sipanala: amunanga mwafika pati

11:15 (Uthenga sunafike kwa Wamagetsi.)

12:05 Sipanala: kaya

12:31 Kontena: kukanakhala vuto tikanamva kale. mwina awoloka bho akubaya ng'ombe zawo

12:33 Kontena: and kunena zoona sisi green light munapereka ndinu. ine ndinafunsa kt ndidinde, munati dinda

12:49 Sipanala: eya. ndinakhulupirira vidiyo m'malo mwa chikhatho changa. ndinakhulupirira mlongo wanga ndi mwamuna wanga. cholakwa chimenecho ndi changa ndipo ndachivomera

12:50 Sipanala: koma iwe uli ndi nkhope yolemba zimenezi munthu ali ku mtsinje. ndinakupepesa dzulo. ndikubweza kupepesa kwangako

12:51 Kontena: (uthenga wafufutidwa)

13:30 Sipanala: amunanga

14:08 Wamagetsi: ali moyo

14:08 Wamagetsi: ndakwera pa phiri kuti ndipeze netiweki. ali moyo mayi, ali mu galimoto yathu ndawafunditsa jekete

14:09 Sipanala: Ambuye

14:11 Wamagetsi: (chithunzi: pikapu yoyera pakati pa mtsinje wofiira, madzi afika pa zogwirira makomo, kukamwa kwa sinokelo kuli pamwamba kouma, magetsi a padenga akunyezimira ndi dzuwa)

14:12 Wamagetsi: (chithunzi: ng'ombe zinayi pa goli zikukoka chingwe, anthu ambiri pa gombe)

14:14 Wamagetsi: chithunzi choyambacho andipatsa alimi. inazima pakati penipeni. madzi anayamba kuikankha cham'mbali, adokotala anatulukira pa windo n'kukwera padenga. anakhala pamenepo ola lathunthu atagwira chitsulo cha magetsi mpaka alimi anawaponyera chingwe. ine ndafika ng'ombe zili mkati mokoka, wintchi yangomalizitsa

14:15 Wamagetsi: injini yamwa madzi. siikutembenuka ngakhale ndi sipanala yaikulu. yauma gwa

14:15 Wamagetsi: bokosi la katemera linali kumbuyo. lapita ndi madzi lonse

14:17 Kontena: mwaona magetsi aja awathandiza pogwira

14:17 Sipanala: khala chete

14:22 Wamagetsi: adokotala akufuna alankhule nanu mayi, foni yawo yanyowa

14:25 Wamagetsi: (uthenga wa mawu 1:24, mawu a adokotala a ziweto) Mayi Sipanala, ndine. Musade nkhawa, ndangozizidwa ndi kusupuka m'manja pang'ono. Ndikufuna mudziwe chinthu chimodzi chokha. Ndisanalowe m'madzi ndinaima pa gombe, monga ndimachitira nthawi zonse. Za chikhathozo ndimazidziwa, bambo anu anandionetsa kalekale, inu muli kamwana kothamanga pakati pa matayala. Injini inali ikulira, sinokelo ili pompo, dzanja langa lili pompo. Ndinatsegula boneti, ndinaona chidindo chija, ndinatseka. Ndinati kuyesanso ndi kunyoza mkulu amene wagona m'chipatala. Madziwo anali a m'chiuno basi, yakale ija imene anamanga bambo anu inkadutsa pamenepa osatsokomola n'komwe. Ng'ombe zimene ndimabwera kudzabaya ndi zimene zandikoka. Chaka chino sizibayidwa, eni ake ndawauza. Amuna anu andiuza zonse, akulira kuno. Ine sindikwiya, ndakalamba. Koma chonde bambo anu musawauze, angadwale kwambiri.

14:36 Sipanala: akuti tisawauze adadi

14:36 Sipanala: amene agwira bodzali ndi adadi omwewo. amva uthenga wonse, foni inali pa pilo

14:44 Kontena: chachikulu palibe wafa. injini ina ndipeza, ndili ndi contact kunja, low mileage. tiwaikira free, nkhani yatha. pls zisatuluke kunja, zingaononge dzina la galaja

14:47 Sipanala: dzina la galaja

14:47 Sipanala: anthu onse aja pa gombe aona boneti itatsegulidwa?

14:52 Wamagetsi: aona mayi. ndimachotsa fyuluta ali pompo. mkulu wina analoza dzanja n'kufunsa ngati ndi la galaja ija ya madala aja

14:52 Wamagetsi: akuti naye galimoto ya mchimwene wake ili ndi dzanja lomwelo, ndiye azikhulupirirabe kapena ayi

14:53 Sipanala: munayankha chiyani

14:53 Wamagetsi: ndinangotseka boneti

15:20 Sipanala: adadi apempha pepala. alemba ndi dzanja lamanzere, zawatengera nthawi, cholembera chagwa kawiri

15:21 Sipanala: (chithunzi: kuseri kwa pepala la mankhwala, zilembo zokhotakhota: NDANI)

15:22 Sipanala: ndiwayankhe kuti mwana wawo kapena mkamwini wawo

15:22 Sipanala: sankhani nokha woti ayambe

15:23 (Awerenga onse awiri.)

16:10 Sipanala: akudikira

17:02 Sipanala: akudikirabe. cholembera sanasiye

17:45 (Kontena akulemba...)

17:48 (Kontena wasiya kulemba.)

LAMULUNGU

07:12 Wamagetsi: mwadzuka bwanji mayi. adokotala ndinawafikitsa kwawo. ndili pa geti la chipatala ndi tiyi ndi zovala zoyera

07:26 Wamagetsi: mayi

07:41 Sipanala: dzulo nditaona kuti nonse mwasowa pakamwa ndinawaonetsa chithunzi cha chidindo chija. sindinanene kanthu. anachikulitsa okha ndi chala mpaka pa kachala kopindika. kenako analoza mpando umene munakhala Lachisanu. ndinagwedeza mutu movomera

07:42 Sipanala: chiyambire nthawi imeneyo abisa dzanja lawo mu bulangete. anesi abwera kawiri kudzayeza magazi, akukana kulitulutsa

07:43 Sipanala: zovala musiye kwa alonda. tiyi mubwerere naye

07:44 Wamagetsi: ndilowe ndiwapepese

07:44 (Sipanala wawerenga.)

07:58 Wamagetsi: ndilowe?

07:58 (Sipanala wawerenga.)